Njinga ya Amayi ndi Pakamwa pa Achemwali Awo

Amayi anga aakulu, achemwali awo a amayi ondibereka, ali ndi mphatso imodzi: chilichonse chabwino chimene ungawaonetse, iwo anachionapo kale chokuposa. Ukakolola nandolo wodzaza khonde, amati chaka chino ngakhale waulesi wakolola. Mlongo wanga atafolera nyumba yake ndi malata, iwo anabwera, nagogoda lata limodzi ndi chala, n'kunena kuti, "Awa ndi aja opyapyala aja eti?" Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero, sindibisa.

Komabe amayi amawakonda achemwali awowo. Kuyambira ali atsikana akhala akupitira limodzi kutchalitchi, cha ku Chiringa, ulendo wautali ndithu wapansi. Bondo la amayi aakulu litayamba kuvuta, anayamba kujomba mapemphero, ndipo amayi ankabwerako okha ali ndwii, opanda womuuza kuti kwaya yaimba mophonya. Ndiye tsiku lina anatulutsa njinga ya malemu bambo, nati aphunzira kupalasa kuti aziwanyamula achemwali awo. Apa n'kuti imvi zili mbuu.

Mphunzitsi ndinali ine. Tinkapita pabwalo la sukulu ana akaweruka, ine n'kugwira keliyala, iwo n'kumakuwa kuti, "Usandisiye! Ukandisiya si iwe mwana wanga!" Anagwera m'munda wa chinangwa wa eni ake, anagunda mbuzi imene inangodziimira, ndipo tsiku lina chitenje chinakodwa m'tcheni mpaka tinachita kuchidula ndi mpeni. Ana a m'mudzi ankakhala pachulu kuonerera ngati mpira. Amayi ankangodzisasa fumbi n'kumati mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Atadziwa bwino, anayamba kuyeserera ndi thumba la chimanga kumbuyo, ati kulemera kwake n'chimodzimodzi ndi achemwali. Anasokanso kakhushoni ka pakeliyala. Kenako anapalasa mpaka pakhomo pa achemwali awo, naliza belu, nkhope ili mwee.

Amayi aakulu anasuzumira, nayang'ana njinga, nayang'ana mng'ono wawo.

"Ndiye belu lonseli n'la chimenechi? Ana a sitandade wani akupalasa osagwira n'komwe."

Ndinaona nkhope ya amayi ikugwa. Koma anameza, nati, "Lamulungu konzekani, achemwali, ndidzakutengani."

Lamulungulo ine ndinkawatsatira panjinga yanga. Amayi aakulu anakhala chammbali, atavala zoyera za amayi a chigwirizano, atagwira m'chiuno mwa mng'ono wawo zolimba ngati akuwoloka mtsinje wodzaza. Amayi ankapalasa mosamala, kuzemba maenje ndi mchenga, thukuta lili kamukamu. Anthu m'njira ankaimika manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ndinamva kukoma mumtima, ndipo ndinaganiza kuti lero lokha pakamwa paja papuma.

Titadutsa pachigayo ndinamva mawu a amayi aakulu kutsogoloko.

"Koma mkazi wa abusa ndiye amapalasa bwino. Sumva n'komwe kuti uli panjinga."

Mabuleki analira. Amayi anatsitsa phazi pansi.

"Tsikani, achemwali."

"Watani kodi iwe?"

"Tsikani. Mkazi wa abusa adutsa pompano, akutengani."

Amayi aakulu anatsika, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina woti awaweruzire mlandu. Amayi anapalasa n'kumapita osacheuka. Ine ndinaima pakati, osadziwa kuti nditsatire ndani. Ndisaname, kuseka kunandigwira, ndinachita kuluma mlomo.

Amayi sanapite patali. Pamtengo wa mango anakhota n'kubwerera, chifukwa mtima wawo sukanalola kusiya munthu wotsimphina pamsewu. Koma kuwakwezanso ayi. Anatsika, nayamba kukankha njinga pambali pawo. Amayi aakulu, poti bondo linkawawa, anagwira kakhushoni kaja n'kumatsamira. Anayenda choncho mpaka kutchalitchi, njinga pakati, wina uku wina uku. Tinafika ulaliki uli pakati.

Masiku ano amayi amawanyamula ndithu achemwali awowo, koma ulendo wake ndi wa chete, ngati wa kabaza ndi munthu wosamudziwa. Zija zofika pakhomo ndi belu zinatha. Amayi aakulu amadandaula kwa ine kuti mng'ono wawo wasintha, sawauzanso nkhani, ndipo sakudziwa chimene anamulakwira. Ndinayesapo kuwafotokozera. Anandiyankha kuti anthu a masiku ano amakwiya ndi zinthu zazing'ono.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Amayi anavina pabwalo mpaka mpango kugwa. Mwanayo, mwachisangalalo, anati athamange akawauze agogo ake enawo, amayi aakulu aja, poti nyumba yawo ili apo pokha, kuseri kwa nthochi. Amayi anamugwira dzanja.

"Khala pansi, mdzukulu wanga. Tiyambe takondwa kaye ife. Iwowo ukawauza mawa."