Zimene Aphunzitsi Sananene za Mfumukazi ya ku Scotland

Mfumukazi ija inabwerera ku Scotland amayi ake atamwalira kale. Ndinaziwerenga dzulo m'buku la mwana wanga.

Nkhani yake ndinaimva koyamba kusukulu kwa Nthache. Anaitumiza ku France ili ndi zaka zisanu, amayi ake n'kutsala. Inenso azakhali anandiwolotsa malire pa Zobue ndili ndi zaka zisanu, amayi n'kutsala kunkhondo.

Ndinakweza mkono. "Aphunzitsi, kodi anabwerera kwawo?"

Anasasa choko m'manja, akundiyang'ana. "Anabwerera, mwanawe. Khala pansi."

Kuyambira tsikulo ndinakaniza azakhali kuchapa chitenje chimene amayi anandifunditsa, chonunkha utsi. Ndinkati ndikadzabwerera, amayi akandizindikira nacho.

Aphunzitsi aja sananame, anangolekeza pakati. Loweruka ndiwoloka malire kukafunsa pamene amayi anaikidwa.