Tsiku Limene Agogo Anamanga Bokosi la Maliro

Ndikamva fungo la utomoni wa paini, ndimaona agogo anga aamuna atawerama pa wilibala yawo m'mawa, nkhungu ya paphiri la Zomba itaphimba mitengo, utsi wa kukhitchini ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi, nkhwangwa za odula nkhuni zikumveka chapatali. Anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo atapuma ntchito anakhazikika kumtundako n'kumalima kachewere. Koma uphunzitsi sunawachoke. Ukangowayandikira, phunziro layamba.

Ankaika beseni la madzi m'wilibala n'kundiuza kuti ndithamange nayo, kenako ndiime mwadzidzidzi. Madzi ankakhavukira kutsogolo. "Waima ndiwe, madziwo sunawauze," ankatero. "Chinthu chikayamba kuyenda chimapitirira mpaka china chichiletse, ndipo chikalemera, kuchiletsa kwake ndi ntchito." Agogo aakazi ankangopukusa mutu, kudandaula madzi awo otunga movutikira.

Agogo aakaziwo anamwalira ndili kupulayimale, matipati atangoyamba kumene. Anayenera kukaikidwa kwawo ku Malosa, ndiye kunabwera kalole kopanda denga. Kwathu bokosi limaikidwa pakati, azimayi n'kukhala molizungulira akuimba, ndipo mwana wamkazi wa malemu amakhala kumutu. Kumutuko kunali kutsogolo, pakati pa bokosi ndi zitsulo za kuseri kwa dalaivala. Amayi anga anakhala pamenepo, khanda lawo lili pamiyendo.

Agogo anayang'ana bokosi lolemeralo, anayang'ana pansi pa lole ponyowa ndi mame, kenako msewu wotsetsereka ndi makona ake. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chingwe.

A Bwanali, mlongo wawo wa malemu, ndiwo anali mwini maliro. Anawatchingira agogo kutsogolo.

"Alamu, mukufuna kumanga mlongo wanga ngati mtolo wa nkhuni?"

Nyimbo inadukira pakati.

"Dalaivala akaponda buleki, galimoto iima koma bokosi siliima," anayankha agogo. "Lipita kwa mwana wanga ndi mdzukulu wanga."

"Zakusukulu zanuzo lero zisiyeni. Maliro samangidwa."

"Ndiye mwana wangayo achokepo pamenepo."

Amayi anapukuta misozi. "Ababa, kumutu kwa amayi anga sindichokako."

Ine ndinachita manyazi kwambiri, ndinkafuna agogo angokhala chete ngati amasiye ena onse. Iwo anaponya chingwe pansi n'kulowanso m'nyumba. Anatuluka atanyamula zitenje za akazi awo, zimene ankavala kutchalitchi ndi kumunda komwe. Anazipota chimodzichimodzi, kuzipisa m'zogwirira za bokosi n'kuzimangirira kuzitsulo zakumbuyo kwa lole. Palibe anawathandiza. A Bwanali anangotembenukira kumbali, poti chitenje sakanachitcha chingwe.

Tinatsika phiri tikuimba, ine nditapanikizana ndi azimayi cham'mbali. Pakona ina yobisika tinakumana ndi bambo woyendetsa njinga yodzaza nkhuni, imene inamulaka n'kugwera pakati pa msewu. Dalaivala anaponda buleki. Tonse tinagwerana chakutsogolo. Bokosi linalumpha, zitenje zinakungika, chimodzi chinang'ambika tonse tikumva, koma zinazo zinagwira. Bokosi linaima pafupi kwambiri ndi mutu wa khanda, moti chikhatho chokha ndicho chikanalowa pakati. Amayi anakumbatira mwana. Patapita kanthawi, mayi wina anayambitsanso nyimbo.

A Bwanali sanapepese, ndipo agogo sanaikumbutsepo nkhaniyo. Ankangopatsana moni wouma akakumana.

Agogo anamwalira ine nditakula, tikukhala m'tauni, ndipo msewu wa kumanda unali wosalala, wopanda chitunda. Lole itangolira, a Bwanali, okalamba ndithu tsopano, anamenya chitseko cha dalaivala ndi ndodo yawo.

"Taimani kaye. Azimayi, bweretsani zitenje. Alamu anga sangapite osamangidwa."

Anamanga okha mfundo yoyamba, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira m'nyumba ya siwa.

Khanda lija ndi mlongo wanga Dalitso, lero ali ndi ana akeake. Ine ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale, ndipo phunziro la kayendedwe ka zinthu ndimalidziwa bwino, sindiyang'ana m'buku. Koma ndikafika pa lamulo loyamba, lakuti choyenda sichiima chokha, mawu amandithina pakhosi. Ana asukulu amaganiza kuti ndi fumbi la choko, ndipo ine ndimawasiya aganize choncho.