Nambala za pa mfuti ya bambo

Ndikukumbukira mfuti ya bambo anga kwathu ku Biriwiri, nthawi ija Azungu akulamula. Inkakhala kuseri kwa chitseko, ikununkha mafuta ndi utsi. Munda wathu unali m'munsi mwa phiri, ndipo chimanga chikayamba kumera ndevu, anyani ankatsika mudzi wonse, ana ali kumsana. Mfuti ija ikangolira kamodzi, ankatha sabata osabwera.

Pa chitsulo chake, pafupi ndi polowetsera chipolopolo, panali timabala tisanu tondondozana. Ine sukulu sindinapondeko, ndiye sindinkadziwa kuti n'nambala. Ndinkangoona kamunsi, kakhasu, kachipanda kothina m'chiuno, ndi tina tiwiri kumapeto.

Chaka china mvula inavumba masiku ambiri, denga linadontha, mfuti inachita dzimbiri. Bambo ali kudimba, ine ndinati ndiwasangalatse. Mayi anandiphunzitsa kuti chiwiya chikada umakwecha mpaka chiwale, ndiye ndinatenga phulusa ndi mchenga. Ponse panayera, koma m'timabala tija dzimbiri linakanirira. Ndinakatenga tupa yonolera nkhwangwa. Ndinakhwekhwereza, thukuta kamukamu, mpaka tiwiri ta kumapeto tinasalala ngati chipumi cha khanda. Ndikanamaliza tonse, koma mkono unatopa.

Bambo atabwera anaitembenuza, nayendetsa chala pamalopo. Kenako anandiyang'ana.

“Nangozo, wagwira ntchito mwana wanga,” anatero, n'kutuluka panja.

Ine ndinakondwa, wopusa ine.

Mwezi wotsatira inali nthawi yokaonetsa mfuti ku boma. Ndinawaperekeza nditasenza chipanda cha thobwa. Kalaliki anatenga pepala la bambo, nayamba kuwerenga nambala mokweza, chala chili pa chitsulo. Anatchula zitatu, n'kuima.

“Bambo, papepala pali zisanu. Ziwirizi zapita kuti?”

“Ndi mfuti yomweyo, akalaliki. Inunso munaigwira chaka chatha.”

“Ine sindidziwa nkhope ya mfuti, ndimadziwa nambala. Zitatu zoyambazi zilinso pa mfuti zina za mtundu uno. Zakumapetozo ndizo zimanena kuti iyi ndi yanu. Wapala ndani?”

Ndinatsegula pakamwa, koma bambo anandiponda chala cha kuphazi.

“Ndine. Ndimachotsa dzimbiri.”

“Munthu wamkulu ngati inu?” Anthu amene anali pamzere anaseka.

Mfuti inalowa m'chipinda, chitseko n'kutsekedwa. Tinabwerera opanda mfuti, thobwa osamwa. Bambo ankangosintha dzanja kuligwiritsa paphewa pamene pankakhala lamba wa mfuti.

Anyani sanachedwe kudziwa. Tinaimba zitini, tinakuwa mpaka mawu kutha, iwo ankangotiyang'ana akusenda chimanga. Nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Mvula yotsatira isanagwe, bambo ananyamuka ulendo wa ku Halale kukafuna ntchito. Anabwerako patapita zaka zinayi, akutsokomola, ndipo sanakhalitse. Za tupa ija sanauze munthu, ngakhale mayi. Kundimenya sanandimenye. Nthawi zina ndimati bola akanandimenya.

Lero chilichonse chili ndi nambala, njinga, foni, ngakhale ine nkhalamba anandipatsa yanga pa chitupa. Anyani nawo anatha, phiri linameteka. Koma ndikakhala pabwalo, chala chimangojambula chokha pafumbi: kamunsi, kakhasu, kachipanda. Tiwiri tinato ndayesa zaka zonsezi kuti ndikumbukire mmene tinkaonekera. Ndinakwecha bwino zedi.