Raketi Yomwe a Salome Anaikwecha

Ku Soche mukafunsa za a Salome Alufandika, anthu sayamba ndi msinkhu wawo kapena tchalitchi chawo. Amayamba ndi mapoto awo. Mayi amenewa akatsuka poto, bambo atha kuyang'anirapo pometa ndevu. Anachoka ku Nsanje ali mtsikana, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akulawirira m'mamawa, kukwera minibasi ziwiri, kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa kwa mayi Sabiha. Ana awo atatu aphunzira ndi ntchito imeneyi, ndipo womaliza ali Fomu 3. Kudzitama amadzitama ndithu, tisabise. Koma akamati chinthu chimene chadutsa m'manja mwawo sichitsukidwanso kachiwiri, sanama.

Chaka chatha mayi Sabiha anagwidwa ndi matenda amene agwira ambiri a kumayadi masiku ano, masewera a padel. Amafanana ndi tenesi, koma bwalo lake ndi laling'ono, lotchingidwa ndi magalasi, ndipo raketi yake ilibe zingwe. Ndi chithabwa chonenepa chokhala ndi timabowo. Mpikisano utayandikira, anakagula raketi yatsopano kwa a Dauda, amene ali ndi kashopu ka zamasewera ku Limbe. Anaiyesa kamodzi kokha Lachinayi, n'kuisiya pakhonde ili fumbi lokhalokha.

Lachisanu m'mawa a Salome anaitola. Poipukuta, nsalu inkangokodwa. Anasisita ndi chala, n'kupeza kuti mbali zonse ziwiri zinali zokhakhala, ngati munthu wawaza mchenga pa penti wosauma. Zinawanyansa. Anthu a masiku ano, kugulitsa chinthu chodula chotere asanachimalize! Anatenga sopo ndi waya wotsukira mapoto, anakhala pa sitepe ya kukhitchini, n'kuyambapo. Mchengawo unali wamakani, koma unakumana ndi amakani anzake. Pofika teni koloko raketi inali see, yosalala mbali zonse, ndipo anaiyanika padzuwa la Okutobala mpaka masana kuti iumitsitse. Anaibwezera m'chikwama chake osauza munthu, poti sanazolowere kulengeza ntchito yawo.

Loweruka masana mayi Sabiha anabwerako ku mpikisano atafiira maso. Anali atagonja kochititsa manyazi. A Salome ankasita zovala pafupi ndi pabalaza, ndipo anamva zonse zimene abwana awo ankakalipa pa foni.

"A Dauda, mwandigulitsa feki! Kusewerera kamodzi kokha, mchenga wogwira mpira uja watha wonse? Mpira umangoterereka! Ndalemba kale pagulu lathu la WhatsApp kuti aliyense adziwe kuti ndinu wakuba."

A Salome anazimitsa ayironi. Kani mchenga uja anauika dala!

Palibe anawaona akukwecha. Akanangotseka pakamwa, ntchito ikanapitirira, mwana akanamaliza sukulu. Mayi Sabiha ndi munthu wabwino koma wa mtima wapachala, anachotsapo wosamalira maluwa pa nkhani yochepa kuposa iyi. Mantha anawagwira a Salome, mantha enieni. Komabe kwinakwake ku Limbe kunali munthu amene sanamuonepo n'kale lonse, akutchedwa wakuba chifukwa cha manja awo. Chimenecho ndicho chinawakanika kumeza. Anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kulowa pabalaza atainyamula m'manja.

"Madamu, bambowo ndi osalakwa. Ndine. Ndinaikwecha."

"Mwati munaitani?"

"Ndinaikwecha ndi waya wa mapoto. Ndimayesa ndi litsiro. Ndinaiyanikanso padzuwa."

Mayi Sabiha anagwira kumutu. "A Salome, ndamuyalutsa munthu pagulu lonse."

"Zanu mukonza nokha, madamu. Zanga ndikufuna ndikanene ndekha pamaso pawo. Tikabwerako, ngati n'kundichotsa mundichotse."

Anakwera galimoto, ulendo wa ku Limbe. Za ntchito mayi Sabiha sanatchule, ndipo a Salome sanafunse. Anangokhala chowongoka, epuloni ili pamiyendo, akuganiza za mmene akamuuzire mwana wawo.

M'shopu munali makasitomala anayi, ndipo a Dauda atangoona mayi Sabiha anakwinya nkhope. A Salome sanadikire kuti anthu atuluke. Anaika raketi pa kauntala, n'kulankhula mokweza ngati akuwerenga mawu kutchalitchi.

"Bambo, ine ndine Salome Alufandika, ndimakhala ku Soche, ndimagwira ntchito kwa madamuwa. Katundu wanu analibe vuto. Amene anaononga ndine, ndi waya wa mapoto. Inu si wakuba. Pepani."

A Dauda anatola raketi ija, kuitembenuza uku ndi uku, kuisisita ndi chala chachikulu. Ankafuna kukalipa, zinaonekeratu, koma mmalo mwake anaimba likhweru.

"Mayi, anthu amamenya mpira chaka chathunthu mchengawu osatha chonchi. Inu mwaumaliza tsiku limodzi?"

"Maola awiri," anatero a Salome.

Shopu yonse inafa nacho chikhakhali, ndi a Dauda omwe. A Salome okha ndiwo sanaseke, poti nkhani yawo inali isanathe.

Mayi Sabiha anapepesa, analemba pagulu paja pomwepo kuti wolakwa sanali a Dauda, n'kuwaonetsa uthengawo. Kenako anasankha raketi ina, yokhakhala ngati yoyamba ija. A Dauda anayamba kuwalangiza akuikulunga.

"Iyi, madamu, musamaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, kutentha kumaononga zam'kati. Popukuta, kansalu konyowa pang'ono basi, sopo ayi. Chokulunga cha pachogwirira chikanyowa ndi thukuta..."

"Dikirani kaye," anawadula mayi Sabiha. "Musandiuze ine. Auzeni a Salome. Ndiwo aziisunga."

A Salome anakoleka epuloni paphewa, n'kulandira raketiyo ndi manja awiri. Misozi inalengeza m'maso, koma mutu sanaweramitse.

"Yambiraninso, bambo," anatero. "Pang'onopang'ono, ndimve zonse."