Ngalande imene sindinaitchule

Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya khofi. Anthu a mumsewu wathu ku Kanyama, mu Lusaka, anandisankha kuti ndikawalankhulire pamsonkhano wa akhansala. Nkhani inali imodzi yokha: ngalande yakuseri kwa nyumba zathu yatsekeka ndi zinyalala, ndipo mvula ili pafupi. Wapampando anandipatsa mphindi zitatu.

Ndinati ndiyambe ndaonetsa kuti ndine mkhalakale kuno. Ndi pomwe ndinasochera. Ndinanena za chaka chimene atate anabwera kuchokera ku Chipata, za njinga yawo, za amene anaiba njingayo, mpaka za mlamu wa wakubayo amene ankaimba bwino kukwaya. Pakamwa pankathamanga ngati minibasi yopanda mabuleki. Ba Mwanza, mayi woyandikana nane, ankandikoka jekete. Ine ndinkayesa akuliwongola kuti ndioneke bwino.

"Nthawi yatha, ba Phiri," anatero wapampando. Anthu a misewu ina anaomba m'manja. Chitsiru ine, ndinachita kuwerama!

Titatuluka, ba Mwanza anandifunsa, "Manje ngalande mwaisiya kuti? Tinakutumani va njinga ise?"

Ndinanama kuti ndinaitchula koyambirira, kungoti iwo sanamve. Ndinafika powakalipira, mayi wosalakwa.

Mvula itagwa, madzi analowa m'nyumba zathu zonse. Ndinatenga chidebe kukawathandiza ba Mwanza kukapa, cholinga ndiwapepese. Ndinayamba bwinobwino: "Mukudziwa, mvula yotere inagwanso chaka chija atate..."

"Tapani manzi, ba Phiri," anandidula osandiyang'ana. "Njinga tinaimva kudala, kalekale."