Mawu a m'Foni Sanali Anga

Anthu opanga pulogalamu ya pa foni, yothandiza amayi kusamala kunyumba ana obadwa masiku asanakwane, anatiitana anamwino awiri: ine wa ku Mitundu ndi a Nabanda a ku Nathenje. Malangizo ambiri ndinalemba ndine, koma pojambula mawu anasankha a Nabanda, akuti mawu awo ndi odekha. Ndinaomba nawo m'manja, mtima ukuwawa.

Poyesa pulogalamuyo ndinapita kwa a Nachisale, amene kamwana kawo kanali katangotuluka kumene m'chipatala, kochepa kokwana m'manja awiri. Foni inalankhula kuti, "Mwana asachoke pachifuwa panu, mayi. Akasiya kuyamwa, thamangirani kuchipatala." A Nachisale anamangitsa chitenje nthawi yomweyo.

"Koma amalankhula bwino mayi ameneyu," anatero. "Ndi ndani?"

"Ndine," ndinayankha. "Foni imasintha mawu pang'ono."

Patatha milungu iwiri, ofesi inatituma limodzi ndi a Nabanda kukayeza kamwanako pa sikelo. A Nabanda atangoti, "Odi kuno!" a Nachisale anatuluka msanga. Anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinayamba kufunafuna cholembera m'chikwama, chili m'manja mwanga.

"Ndiye ndinu!" anatero a Nachisale, akuwagwira dzanja a Nabanda. "Tsiku lina anasiyadi kuyamwa, ndinathamanga monga munanenera. Taonani lero masayawa."

Atatero anatembenukira kwa ine, mwaulemu wonse. "Inunso a nesi, zikomo potinyamulira foni."

A Nabanda mpaka lero sadziwa chimene ndinakhalira chete ulendo wonse wobwerera.