Mankhwala a Mphumu Pamphini

Tsikulo pakhonde panga ku Kacholola panali ine, amake Fakisoni, mlamu wanga aNjovu, akatekisiti aLungu, ndi Fakisoni mwiniwake, mwana wanga wa ku labotale ku Lusaka, wofufuza mmene mankhwala a mphumu amaphwetsela kutupa kwa m'chifuwa. Munali m'masiku a chipani chimodzi.

Ulendo wapitawo Fakisoni anandibweletsela kabotolo kopopela mankhwala a mphumu. Pamene ankafotokoza kagwilitsidwe kake, ine ndinali kukamba za ng'ombe zanga, sindinamve kanthu. Kapepala kake sindikanatha kuwelenga, ndipo kufunsa mwana ndinachita nako manyazi. Ndiye ndinatsata zakwathu, kuti mankhwala a chifuwa amalowela pamphini. Mmawa uliwonse ndinkapopela pa mphini zanga zakale n'kutikita ndi chala.

Tsikulo ndinakuwa mpaka a kumseu anamva: "Sukulu yonse ija, mankhwala ako ndi madzi! M'chifuwa mwanga mukali kulila ngati mphaka!"

"Tationetsani mmene mumachitila, atate."

Ndinavula shati monyadila, fuu! fuu! pamphini. ANjovu analuma chipewa kuti asaseke.

Fakisoni sanaseke. Ananditengela kuseli kwa nyumba, nati kutupako kuli mkati, mmene tinthu tosaoneka totchedwa maselo timaitanizana mwaphokoso. Anandiphunzitsa kukoka mankhwalawo ndi pakamwa. Mpweya unatsika mpaka pamchombo! Ndikupuma lelo chifukwa cha mwana ameneyo.

Pobwelela anandinong'oneza kuti, "Alendowa ndiwauza kuti kabotolo kanali kotseka. Koma atate, mankhwala athu amatontholetsa maselo okha. A pakamwa panu tikali kufufuza."